Ndinasaina ndekha, inde. Koma khoti lingoyang'ana basi?

Mayi_Wosindikiza analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima.

Ndili ndi kampani yaing'ono yosindikiza mabuku, makalendala ndi zikalata za m'maofesi. Tilipo anthu 14, ndipo tonsefe timadyera makina amodzi aakulu. Zaka zinayi zapitazo ndinasainirana mgwirizano ndi kampani ina kuti izibwera kudzawaona makinawo pa miyezi itatu iliyonse: kuthira mafuta, kusintha malamba, kuyeza magetsi, zoterozo. Timalipira pachaka. Zaka zitatu zoyamba panalibe chodandaula.

Mwezi wathawu anatumiza mnyamata wachilendo, osati mmisiri amene tinamuzolowera. Anatsegula bokosi la magetsi kumbuyo kwa makina, n'kumasula mawaya kuti apukute fumbi, koma pobwezera anasemphanitsa awiri. Ine ndinali chiimire pomwepo pamene ankayatsa. Kunangomveka kuti phuu, kenako fungo la pulasitiki yopserera, sikirini n'kuzima. Mnyamatayo anagwira pakamwa. Sanakane ayi, ndipo pa lipoti lake analemba ndi dzanja lake kuti analakwitsa polumikiza. Bolodi yoyendetsa makina inapsa, ndipo ina yochita kuitanitsa inatenga masiku 23 kuti ifike. Masiku 23 makina ali zii, antchito ndikuwalipira, lendi ikuwerenga. Oda yaikulu ya chaka chino, imene ndinali nditaigulira kale mapepala, mwini wake anaipititsa kwina. Iyeyo sindikumuda, tsiku lake linali litayandikira.

Nditawalembera kalata eni kampaniyo, anayankha mwaulemu kwambiri, ulemu wochita kukupweteka. Anapepesa, anavomera kuti cholakwa ndi chawo, kenako n'kuti ndione ndime 11. Ndime 11.2 ikuti ndalama zonse zimene angandilipire pa vuto lililonse, ngakhale litabwera chifukwa cha kusasamala kwa antchito awo, sizingapose zimene ndawalipira m'miyezi 12 yapitayi. Ndime 11.3 ikuti phindu lotayika, makasitomala othawa ndi nthawi imene makina akhala osagwira ntchito, zimenezo salipira n'komwe. Ndawerengera kangapo konse. Zimene akufuna kundipatsa sizikukwana ndi theka lomwe la mtengo wa bolodi, ndipo ndikaphatikiza zonse zimene ndaluza, zikuposa ndalama yawoyo ka 20.

Sindinama, ndinasaina. Palibe anandigwira mkono. Ndime 11 ndinaiona, koma ndinaiwerenga ngati mmene timawerengera kapepala ka m'katoni ya mankhwala, maso akuyenda mtima uli kwina.

Mnzanga wina wa bizinesi akuti wasaina wasaina, ndingolandira kangachepeko n'kupukuta misozi. Wina akuti majaji amadana nazo ndime zoterezi, ndikangopita kukhoti aichotsa. Onse awiri akulankhula motsimikiza ngati analipo polemba malamulo. Funso langa ndi ili: anthu awiri a bizinesi akagwirizana kuti wina asadzalipire zonse zimene wawononga, khoti lili ndi mphamvu yoti n'kunena kuti ayi, apa mwanyanya? Kapena ufulu wopangana umatanthauza kuti jaji amangowerenga zimene munalemba n'kumenya tebulo? Chifukwa ngati munthu angalembe kuti "ndidzakusamalirani makina" pa tsamba loyamba, n'kulembanso pa tsamba lachisanu kuti "ndikawawotcha si nkhani yanga", ndiye ine ndinagula chiyani?

Wamalole analemba:

Mayi, pepani kwambiri ndi zimene zakuchitikiranizi. Koma ndilankhule mosabisa, poti ine ndine mmodzi wa anthu amene timalemba ndime zoterezi m'mapepala athu.

Ndimanyamula katundu wa anthu. Munthu amabwera ndi bokosi lotseka, ine ndimalikweza pa sikelo, n'kuwerengera mtunda, n'kutchula mtengo. M'bokosimo mwina muli misomali, mwina muli chipangizo cha kuchipatala chodula kuposa lole yanga. Mtengo wanga ndi womwewo. Tsono lole ikagubuduzika, ndilipire chipangizocho, ndilipirenso ndalama zimene chipatala chikanapeza pochigwiritsa ntchito? Ndikatero kamodzi kokha, kampani yatha, madalaivala anga akakhala pakhomo. Njira ina n'kukweza mitengo kwa aliyense, wa misomali azilipirira wa chipangizo. Ndime ya malire ndi imene imachititsa kuti mtengo ukhale wotsika. Inuyo mwakhala mukudya kutsika kumeneko zaka zinayi osadziwa.

Ndipo si ife amalole tinayambitsa. Mayiko enieniwo anakhala pansi n'kuika malire. Pangano la CMR la 1956, la katundu wodutsa m'mayiko pamsewu, monga linakonzedwera mu 1978, limati wonyamula salipira kuposa ma SDR 8.33 pa kilogalamu iliyonse. SDR ndi ndalama yowerengera chabe ya bungwe la IMF. Pa sitima za panyanja, malamulo a Hague-Visby amati ma SDR 666.67 pa phukusi kapena ma SDR 2 pa kilogalamu, kutengera imene yakula. Ngati maboma anaona kuti malonda sangayende popanda malire, jaji mmodzi ndi ndani kuti afafanize zimene akuluakulu awiri anagwirizana?

Nkhanga zinapangana kusanapse. Mgwirizano ntchito yake ndi imeneyo, kuti tidziwiretu lero kuti moto ukabuka wothawira kuti ndani. Moto utabuka kale, aliyense amaona kuti anaponderezedwa.

Mlembi_wa_Mapangano analemba:

Mayi, anzanu awiri aja aliyense wagwira mwendo umodzi wa nyama yomweyo. Ndakhala ndikulemba ndi kuwerenga mapangano a makampani kwa zaka zambiri, ndiye ndiloleni nditalikitseko.

Choyamba pitani kumapeto kwa mgwirizano wanu, muone ndime yonena kuti mkangano ukabuka adzatsata malamulo a dziko liti. Anthu amaidumpha imeneyi, koma yankho la funso lanu limasintha kwambiri ndi iyoyo. Ine ndifotokoza kwambiri za malamulo a ku England, poti mapangano ambiri a malonda amasankha amenewo, ndipo makhoti a mayiko ambiri amatengera zigamulo zakumeneko.

Poyambira pake mpowawa kwa inu. Mu 1934, pa mlandu wa L'Estrange ndi Graucob, mayi wina wa malo omwera tiyi ku Llandudno anagula makina ogulitsa ndudu, n'kusaina fomu yokhala ndi timalemba ting'onoting'ono osaiwerenga. Makina sanagwire bwino ntchito. Khoti linati wasaina, zakumanga, kuwerenga kapena kusawerenga ndi zako. Lamulo limenelo likadalipo. Potulukira pake mpochepa: ngati anakunamizani za tanthauzo la ndimeyo posaina, kapena ngati ndimeyo sinali m'pepala losainidwa koma inabwera mochedwa. Pa mlandu wa Olley ndi hotela ya Marlborough Court mu 1949, chikwangwani chokana mlandu wa katundu wobedwa chinali m'chipinda chogona, pamene mgwirizano unali utatha kale pakauntala, ndiye khoti linati sichikugwira. Jaji Denning ananenapo mu 1956 kuti ndime zina ndi zolemera moti zimayenera kulembedwa ndi inki yofiira, pambali pake pali dzanja lofiira loloza. Koma zonsezo zimathandiza kwambiri munthu amene sanasaine. Inu munasaina.

Funso lanu lomaliza lija, loti munagula chiyani, majaji a ku England analimbana nalo kwa zaka pafupifupi 30. Denning yemweyo ankakankha mfundo yoti munthu akaphwanya phata lenileni la mgwirizano, ndime yomuteteza imagwa yokha. Mfundoyi inathera pa mlandu umene ukufanana ndi wanu mochititsa mantha. Kampani ya Photo Production inali ndi fakitale yopanga makadi a Khirisimasi, ndipo inalemba ganyu kampani ya alonda ya Securicor kuti izizungulira usiku. Usiku wina mlonda, munthu wolembedwa kuti ateteze malowo, anayatsa machesi dala n'kuponya pa makatoni. Moto unakula, fakitale n'kupsa, katundu wa mapaundi 615,000 n'kusanduka phulusa. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, eni fakitale anasumira Securicor. Kukhoti la apilo, kumene kunali Denning, anapambana. Koma mu 1980 khoti lalikulu la House of Lords linatembenuza chigamulocho. Linati ndime ya Securicor inalembedwa momveka bwino, inakhudza ngakhale zimene mlonda anachitazo, ndipo palibe lamulo loti ndime imafa chifukwa choti cholakwa chakula. Jaji Wilberforce anawerengera kuti Securicor inkalandira pafupifupi mapeni 26 pa ulendo uliwonse wa mlonda. Munthu wolandira mapeni 26 angasenze fakitale yonse? Amene ankadziwa mtengo wa fakitale ndiponso amene akanaigulira inshulansi mosavuta anali eni ake. Apa bambo Wamalole akuwomba m'manja, ndipo ali ndi chifukwa.

Koma nkhani sithera pamenepo. Chimodzi mwa zifukwa zimene majajiwo anaperekera chinali chakuti Nyumba ya Malamulo inali italowererapo kale mu 1977 ndi lamulo la Unfair Contract Terms Act, ndiye panalibenso chifukwa choti majaji azipotoza mawu a mgwirizano mwakabisira pofuna kupulumutsa munthu. Lamuloli limachita zinthu poyera. Imfa kapena kuvulala kwa munthu chifukwa cha kusasamala, zimenezo sungazikane m'pepala ngakhale utalemba bwanji. Kuwonongeka kwa katundu ndi ndalama chifukwa cha kusasamala ungaike malire, koma malirewo akhale oyenera. Chimodzimodzi ngati mnzako wasaina fomu yako ya masiku onse imene umapatsa aliyense. Ndipo tamverani izi: wofunika kutsimikizira khoti kuti ndime ndi yoyenera ndi mwini ndimeyo, osati inu. Jaji amayang'ana mmene zinthu zinalili tsiku losaina, osati tsiku la ngozi. Amafunsa kuti wamphamvu anali ndani, ngati mukanatha kupeza ntchito yomweyo kwina popanda ndime yotere, ngati anakutsitsirani mtengo chifukwa cha ndimeyo, ndiponso kuti inshulansi inali pafupi ndi ndani.

Mu 1983 House of Lords yomweyo inagwetsa ndime ya malire pakati pa anthu a bizinesi okhaokha, pogwiritsa ntchito muyeso wa mtundu womwewu. Alimi a George Mitchell anagula mbewu ya kabichi kwa Finney Lock Seeds pa mapaundi 201.60, n'kubzala maekala 63. Mbewu inali yolakwika, munda wonse unangochita masamba opanda mitu, ndipo analuza mapaundi oposa 61,000. Ndime inkati wogulitsa amangobweza ndalama ya mbewu kapena kupereka mbewu ina. Chimene chinawagwetsa ogulitsawo ndi pakamwa pawo pomwe: mboni zawo zinavomera kuti alimi ena akadandaula moona, amakambirana n'kuwalipira zoposa mtengo wa mbewu. Khoti linati ngati inu eni ake simuitsata ndimeyi mukaona kuti ikupweteka munthu, ndiye kuti mukudziwa kuti si yoyenera. Linaonanso kuti cholakwacho chinabwera mwa kusasamala, ndipo ogulitsa mbewu akanagula inshulansi popanda mtengo wa mbewu kukwera kwenikweni.

Musasangalale msanga. Mu 2001, pa mlandu wa Watford Electronics ndi Sanderson, khoti la apilo linasiya ndime ili chilili, chifukwa makampani awiriwo anali ofanana mphamvu, anakambirana, mtengo unatsitsidwa, ndipo Watford yomweyo inali ndi ndime yofanana nayo m'mafomu ake ogulitsira. Kuyambira pamenepo majaji a ku England amazengereza kwambiri kukhudza zimene makampani odziwa zinthu agwirizana.

Chimene sichitheka kwina kulikonse kumene ndawerengako ndi kudziteteza ku chinyengo chako chomwe. Ngakhale CMR imene bambo Wamalole atchula, ndime yake ya 29 imachotsa malire aja ngati wonyamula wachita zoipa mwadala. Koma mnyamata wanu uja sanachite dala, analakwitsa, ndiye khomo limenelo ndi lotseka.

Maganizo anga ndi awa. Ufulu wopangana ndimaulemekeza pamene panalidi kupangana. Anthu awiri akakhala pansi, wina n'kuti tsitsani mtengo, wina n'kuti ndiye nditsitsenso zimene ndingalipire, jaji asalowerere, ngakhale wina adzalire pambuyo pake. Koma fomu yosindikizidwa kale, imene wakupatsa n'kukulozera posaina, kuitchula kuti pangano la anthu awiri n'kungoikometsera dzina. Tiuzeni, ndime 11 munakambiranapo? Ndipo makampani ena okonza makina amenewa analipo?

Mayi_Wosindikiza analemba:

Zikomo kwambiri nonse, ngakhale bambo Wamalole mwandilasa pamtima. Za mlonda uja ndawerenga kawiri, tulo sindinatione.

Ndafukula mafayilo usiku wonse. Mgwirizano uli ndi masamba 7, ndipo tsamba lililonse lili ndi siginecha yanga m'munsi, ndiye za chikwangwani cha m'hotela zija ndaiwalako. Malamulo otsatidwa ndi a ku England, poti kampaniyi ndi nthambi ya ina yakunja. Koma ndapeza imelo imene ndinali nditaiiwaliratu. Sabata yoti tisaine, ndinamulembera wogulitsa wawo kuti malire a miyezi 12 akuoneka ochepa poyerekeza ndi mtengo wa makina, sangakwezeko? Anayankha mizere iwiri: fomuyi ndi ya makasitomala onse, likulu sililola kusintha. Ine n'kungoti chabwino. Ndiye kufunsa ndinafunsa, koma phula ndadya ndithu.

Za makampani ena, opanga makinawa amavomereza amisiri a makampani awiri okha kumene ndili. Ukaitana wina aliyense, chitsimikizo cha makina chimafa, ndipo zipangizo zina sakugulitsa. Kampani yachiwiriyo ndinaifunsanso nthawi imeneyo, fomu yake ndikadali nayo. Ndime yake ndi nambala 9 m'malo mwa 11, koma mawu ake ngati anakopera kwa mphunzitsi mmodzi.

Bambo Wamalole, inu mukuti simudziwa zimene zili m'bokosi. Awa ankadziwa. Makinawo anandigulitsa ndi iwo omwe, mtengo wa bolodi ali nawo pa mndandanda wawo, ndipo amadziwa kuti ndilibe ena.

Wa_Inshulansi analemba:

Ndilowepo pang'ono pa mbali imene ndimaidziwa. Milandu yonse imene yatchulidwayi, ukaisenda bwino, mkati mwake mumapezeka funso limodzi: ngoziyi akanaigulira inshulansi motchipa ndani?

N'chifukwa chake ndime zanu ziwirizo musaziike m'thumba limodzi. Ya 11.3, yokana phindu lotayika, ndi yolimba kuposa mmene mukuganizira. Amene amadziwa kuti mwezi uno muli ndi oda yaikulu ndinu. Amene angawerengere kuti tsiku limodzi makina ataima mumaluza zingati ndinu. Inshulansi ya kuwonongeka kwa makina ndi ya kuima kwa bizinesi zinapangidwira zimenezo, ndipo wogula ndi mwini makina. Ngakhale pakanapanda ndime, phindu la oda yapaderayo likanavuta kulipeza lonse. Kuyambira pa mlandu wa Hadley ndi Baxendale mu 1854, pamene chigayo cha ku Gloucester chinaima chifukwa onyamula anachedwetsa shafiti yothyoka yopita ku Greenwich, lamulo limati umalipira zimene zimayembekezeka mwachibadwa kapena zimene nonse munkazidziwa popangana.

Koma 11.2 ndi nkhani ina. Mmisiri kuwotcha chinthu chimene wabwera kudzakonza, imeneyo ndi ngozi ya ntchito yawo, ndipo kampani yokonza makina yoyenda bwino imakhala ndi inshulansi ya zolakwa za antchito ake. Afunseni mwa kalata kuti inshulansi yawo imafika pati. Mu 1996 khonsolo ya St Albans inapambana kampani ya makompyuta ya ICL pa mfundo imeneyi. Pulogalamu ya ICL inawerenga anthu olipira msonkho mopitirira ndi pafupifupi 3,000, khonsolo n'kuluza ndalama zoposa mapaundi 1 miliyoni. ICL inaloza ndime yake ya malire a mapaundi 100,000, koma kunapezeka kuti inali ndi inshulansi ya mapaundi 50 miliyoni, ndipo makampani ochepa amene akanagwira ntchitoyo anali ndi ndime zofanana. Ndimeyo inagwa.

Chenjezo limodzi kwa onse owerenga. Inshulansi yanu ikakulipirani, imalowa m'malo mwanu kukafuna ndalamazo kwa wolakwa, ndipo ndime imene munasaina imaimanganso iyoyo. Choncho musanasaine malire otsika, dziwitsani a inshulansi anu, kuopa kudzakangana nawonso tsiku la tsoka.

Wamalole analemba:

Mayi, pa zoti ankadziwa mtengo wa makina, ndagonja. Bokosi lanu linali lotsekula.

Koma a Mlembi, mwatchula milandu iwiri yogwetsa ndime ndi itatu yoisiya. Ine wa bizinesi ndidziwa bwanji lero kuti yanga ili gulu liti? Mawu oti "yoyenera" ndi ngati mphira, jaji aliyense amakoka mmene akufunira. Ndikamatchula mtengo ndimafuna kudziwa chimene ndasenza. Ngati ndime yanga ingagwe patapita zaka zisanu chifukwa jaji wamvera chisoni wodandaula, ndiye ndiyambe kulipiritsa ngati kuti ndimeyo kulibe. Wopweteka adzakhala kasitomala yemweyo.

Mlembi_wa_Mapangano analemba:

Dandaulo lanu ndi lenileni, bambo, ndipo pali dziko limene likulimva kuwawa. Ku Germany, ndime 307 ya buku lawo la malamulo, BGB, imalola khoti kuyeza mafomu okonzeratu ngakhale pakati pa makampani, ndipo majaji akumeneko ndi okhwima: salola kuti fomu ikuchotsere udindo pa ntchito yeniyeni imene mgwirizano unapangidwira, komanso amavuta kwambiri kuvomereza kuti ndime inakambiranadi. Zotsatira zake, makampani ambiri a ku Germany amasankha malamulo a ku Switzerland m'mapangano awo akuluakulu. Koma taonani kuti ku Switzerland komwe akuthawirako, ndime 100 ya lamulo lawo la mapangano imati kukaniratu mlandu wa dala kapena wa kusasamala kwakukulu n'kopanda ntchito. Ngakhale kumene ufulu uli wochuluka, mpanda ulipo, kusiyana kwake n'koti wazikidwa patali bwanji.

Ku South Africa anadzera njira ina. Pa mlandu wa Barkhuizen ndi Napier mu 2007, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linati ndime yotsutsana ndi ubwino wa anthu onse siingakakamizidwe, ndipo poyeza zimenezo amayang'ana mfundo za m'malamulo oyendetsera dzikowo. Komabe wodandaulayo analuza. Inshulansi yake inkati asume pasanathe masiku 90 chikanireni kampani kulipira, iye anasuma patapita zaka ziwiri, osafotokoza chimene chinamuchedwetsa. Mphamvu khoti lili nayo, koma siliigwiritsa ntchito chifukwa cha misozi yokha, limafuna umboni.

Ndipo mankhwala a nkhawa yanu mukuwadziwa kale, chifukwa amalole ambiri amachita: muuzeni kasitomala kuti malire ndi awa, koma akafuna okwera atchule mtengo wa katundu wake n'kuwonjezera ndalama. Ndime yopatsa munthu mwayi wosankha chotero ndi yovuta kwambiri kuigwetsa. Imene imagwa ndi ya "likulu sililola".

Mayi, imelo ija isungeni ngati dzira, pamodzi ndi fomu ya kampani yachiwiri ndi lipoti la mnyamata. Mupite nazo kwa loya wodziwa za mapangano a malonda, aone kaye ngati lamulo la 1977 likugwira pa mgwirizano wanu, poti lili ndi zigawo zimene zimalichotsa pa mapangano ena okhudza mayiko awiri ndi pa amene angosankha malamulo a ku England ali kwina. Likagwira, pa bolodi muli ndi poponda. Pa oda ija, ndikanakhala inu sindikanawerengera.

Mayi_Wosindikiza analemba:

Ndabweranso ndi zatsopano, zina zowawa zina zoseketsa.

A inshulansi anga ayankha. Yanga ndi ya moto ndi kuba basi. Akuti bolodi kupserera m'kati popanda lawi si moto, ndi kuwonongeka kwa makina, ndipo imeneyo anandiuza chaka chatha kuti ndiwonjezere ine n'kukana poona mtengo. Zoona, ndinakana. Pamenepo ndilibe womuloza chala, ndipo bambo Wamalole mukhoza kuseka.

Kalata yofunsa za inshulansi yawo ndinatumiza Lolemba. Sanayankhe funsolo, koma tsiku lotsatira anaimba foni bwana wa nthambi mwini wake, munthu amene kwa mwezi wathunthu ankati ali mu msonkhano. Akuti tikumane tikambirane ngati anthu amene tagwira ntchito limodzi nthawi yaitali. Komanso mmisiri wakale uja, amene tinamuzolowera, anadutsa kudzaona ngati bolodi yatsopano ikuyenda bwino. Tikucheza anangotulutsa yekha kuti chaka chatha zinachitikanso kwa kasitomala wina wamkulu, ndipo kumeneko analipira chipangizo chonse osatchula n'komwe ndime 11. Ndinakumbuka alimi a kabichi aja, mtima n'kugunda. Sindinamuuze kanthu, ndipo dzina lake sindikalitchula pokambirana, ali ndi ana. Ndikangowafunsa abwanawo maso ndi maso ngati ndimeyi amaitsata kwa aliyense.

Choseketsa n'chakuti sabata yomweyi ofesi yawo ya maakaunti, imene ikuoneka kuti sidziwa chilichonse, yanditumizira mgwirizano wa chaka chamawa kuti ndisaine. Ndime 11 ili pomwepo, osasintha ngakhale kachilembo. Ndatenga cholembera chofiira. Pa 11.3 ndasiya, ndamva zimene mwanena, ndipo inshulansi ya kuima kwa bizinesi ndafunsa kale mtengo. Pa 11.2 ndakhwatcha miyezi 12 ija n'kulemba kuti akawononga makina ndi manja awo alipire mtengo wokonzera wonse, ndipo ngati zimenezo zikweza ndalama ya pachaka andiuze ndi zingati, ndione ngati ndingakwanitse.

Loya ndikumana naye Lachitatu, abwanawo Lachinayi. Bolodi yopserera ija ndinakana kuti aitenge, ili m'katoni pansi pa desiki yanga ndipo ikununkhabe. Ndipita nayo.